KUSUNGA NTHAWI PA NCHITO KUYAMBA NDI KUSUNGA THUPI

Pa Lolemba m'mawa, pa mzere wa odwala ku kiliniki sipasowa munthu wobvala bwino amene angoyang'ana nthawi pa foni cifukwa wacedwa ku nchito. Akalowa m'cipinda copimiramo adandaula za mutu, kufooka, kuwawa kwa khosi ndi msana, ndi kugunda kwa mtima. Iye aganiza kuti ndi malungo. Magazi akapimidwa, malungo sapezeka. Koma akafunsidwa kuti anagona maola angati usiku wathawo, ndi kuti anadya liti cakudya ceni-ceni, pamenepo bvuto lake lioneka.

Anthu otere ndi aphunzitsi, makalaliki a m'maofesi, anamwino, apolisi, alonda, oyendetsa mabasi ndi azimai ogulitsa pa msika. Ambiri a iwo ali ndi nchito ziwiri kaamba kakuti malipiro safika kumapeto kwa mwezi. Akaona kuti nthawi yawacepera, amadula maola a tulo ndi a cakudya. Koma munthu amene acita tere satsiriza nchito yambiri. Amagwira mocedwa, amalakwitsa, ndipo pothera pake amadwala.

MAOLA AMBIRI SINDIWO NCHITO YAMBIRI

Nkhani iyi inadziwika kale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 kufikira 1918, anchito ambiri a m'mafakitale opanga zipolopolo ku Britain anali kugwira maola oposa 70 pa mlungu, ndi pa Sondo pomwe. Mu 1915 boma la dzikolo linaika kabungwe koona za umoyo wao. Kabungweko kanapeza kuti pamene maola anacepetsedwa ndipo anthu anapatsidwa tsiku lopuma, katundu wopangidwa pa ola limodzi anaculuka. Mu 2014 katswiri wa za cuma, John Pencavel wa pa Stanford University ku America, anawerenganso ziwerengero zomwezo. Anaona kuti zimene anthuwo anali kupanga m'maola 70 sizinasiyane kweni-kweni ndi zimene anali kupanga m'maola 56.

Maola oonjezerawo samangopita pacabe, amaononganso thupi. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za anchito la ILO, analengeza kuti m'caka ca 2016 anthu 745,000 anamwalira ndi matenda a mtima ndi a sitoroko cifukwa cogwira nchito maola 55 kapena kuposa pa mlungu. Sitoroko ndiyo nthenda imene iumitsa ziwalo mwadzidzidzi pamene mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Poyerekeza ndi ogwira maola 35 kufikira 40, ngozi ya sitoroko ikwera ndi maperesenti 35, ndipo ngozi ya kufa ndi nthenda ya mitsempha ya mtima ikwera ndi maperesenti 17.

Cifukwa cake n'cakuti thupi la munthu wosapuma likhala monga liri pa nkhondo nthawi zonse. Mtima uthamanga, mitsempha ya magazi ifinyika, BP ikwera ndipo shuga aculuka m'magazi. Kuonjezera apo, munthu wotopa amadya zokazinga za m'njira, sayenda pansi, ndipo ena amafuna mpumulo mu mowa ndi fodya.

THUPI LIRI NDI KOLOKO YAKE

Mu ubongo muli kagawo kamene kauza thupi nthawi yogona ndi nthawi youka, ndipo katsatira kuwala kwa dzuwa. Kwa anthu ambiri maganizo akhala akuthwa m'mawa kufikira ca m'ma 12 koloko. Pakati pa 13:00 ndi 15:00 thupi lifooka pang'ono, ngakhale munthu asanadye nsima. Pakati pa 02:00 ndi 05:00 usiku ndipo pamene lifookeratu. Mwa ici ngozi zambiri za kusinza pa ciongolero zicitika m'maola amenewa. Mu 2016 boma la Zambia linaika lamulo loletsa mabasi a anthu kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00 pambuyo pa ngozi zoopsa za usiku.

Munthu wamkulu afunika kugona maola 7 kufikira 9. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 agwira nchito monga munthu amene wamwako mowa, ndipo amene wakhala maso maola 24 afanana ndi woledzera amene lamulo silimulola kuyendetsa galimoto. Kalaliki wotere alemba nambala yolakwika, namwino wotere angasokoneze mankhwala, ndipo woyendetsa basi wotere pa mseu wa Great East aika miyoyo ya anthu pa ngozi.

M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Ometa tsitsi, owocherera zitsulo ndi osoka zobvala anali kuuka pakati pa usiku kukagwira nchito pamene malaiti abwera. Aliyense amene akakamizika kugwira usiku motere, kapena ali pa shifiti, ayenera kubweza tulo masana m'cipinda ca mdima, ndipo a m'nyumba amuthandize mwa kucepetsa phokoso.

CIMENE LAMULO LINENA

Lamulo la za nchito la Zambia, la Employment Code Act la 2019, linena kuti tsiku la nchito ndi maola 8. Wogwira kupyola maola 48 pa mlungu ayenera kulipidwa ovataimu, ndipo kwa alonda malire ndi maola 60. Wanchito ayenera kupuma maola 24 otsatizana pa masiku 7 alionse. Lamulo lipatsanso ola limodzi la cakudya ca masana ndi mphindi 20 zopumulako, ndiponso masiku awiri a chuthi pa mwezi ulionse umene munthu wagwira. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena amakhala zaka osatenga chuthi. Mabwana nawo ayenera kuzindikira kuti wanchito wopuma bwino salova-lova cifukwa ca matenda.

MMENE MUNTHU ANGAKONZERE TSIKU LAKE

Coyamba ndico kuika nthawi yogona ndi youka imene sisintha. Nchito zina zonse zikonzedwe mozungulira nthawi imeneyi. Amene auka pa 05:00 ayenera kukhala atagona pofika 22:00. Foni ndi wailesi ya kanema zizimidwe ola limodzi asanagone.

Caciwiri, madzulo asanaweruke, munthu alembe pa kabuku zinthu zitatu zofunika koposa zimene adzacita mawa. Zikalembedwa, mutu uleka kuzisenza usiku, ndipo tulo tibwera msanga.

Cacitatu, nchito yofuna kuganiza kwambiri, monga kuwerengera ndalama, kulemba lipoti kapena kukonza phunziro, igwiridwe m'mawa. Nchito zopepuka, monga kulongosola mapepala ndi kuyankha makalata, zisungidwire masana.

Cacinai, nchito igwiridwe imodzi-imodzi. Akulu-akulu anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Ubongo ukacoka pa nchito kupita pa uthenga wa WhatsApp, utenga nthawi kuti ubwerere pamene unalekezera. Nkwabwino kuona mauthenga pa nthawi zoikika, monga pa 10:00, pa 13:00 ndi poweruka.

Cacisanu, pakapita ola limodzi munthu ali cikhalire, aimirire, ayende pang'ono ndi kumwa madzi. Amene asinza masana angagone mphindi 20 pa nthawi ya cakudya. Akapitirira apo auka ali wolemera mutu.

Cacisanu ndi cimodzi, cakudya cisadumphidwe. Phala, mbatata kapena cinangwa m'mawa, ndi nsima yocepa ya ndiwo zamasamba, nyemba kapena kapenta masana, zisunga mphamvu kuposa vitumbuwa ndi zakumwa za shuga. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa za m'zitini zimene amati zipatsa mphamvu ziri ndi kafini. Theka la kafini likhala likali m'magazi patapita maola pafupi-fupi 5, motero comwedwa pa 17:00 cingalande tulo pa 22:00.

Cotsiriza, munthu aphunzire kukana mwaulemu. Nchito ya ku ofesi, komiti ya ku chalichi, cilimba, misonkhano ya sukulu ndi kabizinesi ka madzulo sizingakwane zonse m'tsiku limodzi. Zina zipatsidwe kwa ena.

UDINDO WA A M'NYUMBA

M'manyumba ambiri a ku Kapata, Mchini kapena Navutika, mai amene agwira nchito ndiye ayamba kuuka ndipo ndiye atsiriza kugona. Akaweruka apeza madzi osatunga, mbaula yosayatsa ndi zobvala zosacapa. Maola ake akawerengedwa onse apitirira patali 55 aja. Bambo ndi ana okulirapo, anyamata ndi atsikana omwe, agawane nchito za pa nyumba. Mayunifomu asitidwe ndipo nyemba ziphikidwe dzulo lake, kuti m'mawa musakhale cipwirikiti.

ODWALA AMENE ALI PA MANKHWALA

Anthu a BP, a shuga, a TB ndi amene amwa ma ARV kawiri-kawiri amaiwala mankhwala kapena kuphonya tsiku la ku kiliniki ponena kuti atangwanika. Ici n'coopsa. Mankhwala amwedwe pa ola limodzi-modzi tsiku liri lonse, ndipo belu la pa foni lingathandize kukumbutsa. Tsiku la ku kiliniki lilembedwe pa kalendala ndipo abwana auzidwe nthawi ikalipo. Amene amwa bwino ma ARV angafunse anamwino za kulandira mankhwala a miyezi ingapo pa ulendo umodzi.

BP kawiri-kawiri siimveka m'thupi kufikira itaononga mtima, impso kapena ubongo. Kupimitsa kutenga mphindi zocepa cabe. Munthu wamkulu aliyense apimitse kamodzi pa caka, ndipo ngati ipezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, afunika cithandizo. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pa mlungu, kukwanitsa mphindi 150 zimene WHO ilangiza. Kutsika basi patali pang'ono ndi ku nchito ndi njira imodzi yozipezera.

Kutopa kumene sikutha ngakhale munthu wapuma milungu iwiri kufunika kupimidwa, pakuti kungakhale kucepa kwa magazi, shuga, TB, HIV kapena nthenda ya nkhawa. Koma kuwawa kwa pa cifuwa, kubanika, kupotoka kwa kamwa, kulephera kulankhula, kapena dzanzi la mbali imodzi ya thupi, sizofunika kuyembekezera ola loweruka. Munthu wotere atengeredwe ku cipatala nthawi yomweyo. Wanchito akagona m'cipatala, malo ake apatsidwa kwa wina m'masiku ocepa, koma ana ake ndiwo atsala pa bvuto.