Kupala moto pa foni

Amene anakulira kumudzi machesi ali osowa akuidziwa ntchito imene mwana ankatumidwa m'mamawa. Moto ukazima usiku, mayi ankamupatsa phale kuti akapale moto kwa anansi. Mwana ankafika, n'kuti odi, n'kutola makala awiri kapena atatu onyeka, kenako n'kubwerera akuuzira kuti asazime panjira. Kunyumba ankasonkhezera, moto n'kuyaka. Mwini moto sanataye kanthu, wake ukuyakabe. Koma tsopano nyumba ziwiri zikufuka utsi, ndipo chimene chili pa mafuwa a uyu si chimene chili pa mafuwa a uja. Kwina akuphika phala, kwina akuwotcha mbatata, kwina akutenthetsa madzi a mwana wopita kusukulu.

Zimene achinyamata a pa Namadzi amachita ndi mafoni awo n'zomwezo. Imani pa msika uja wa m'mbali mwa msewu wa Blantyre ndi Zomba, muone wakabaza amene akudikira munthu, ndi mtsikana amene wakhala kuseri kwa mulu wa tomato. Onse maso ali pa foni. Akuluakulu amati anawa akungotha ndalama ndi mabandulo, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma ambiri mwa iwo akupala moto. Nyimbo ya woimba amene amamukonda, kapena chigoli cha timu yawo, ndiwo makala. Zimene amaphika nawo ndi zawozawo.

Chitsanzo sitikachifuna kutali, chili m'boma lathu lomweli la Chiradzulu. A Giddes Chalamanda, amene ambiri timangowati Agide, anabadwa mu 1930, ndipo akhala akuimba ndi gitala lawo kuyambira makolo athu ali anyamata. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale m'mayimbidwe a reggae, imodzi mwa izo "Linny Hoo", imene anaimbira mwana wawo wamkazi. Chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka nyimboyi kanagwira pa TikTok. Pofika Januwale 2022, mkuluyu akukwanitsa zaka 92, atolankhani a AFP analemba kuti anthu anali ataionera maulendo oposa 80 miliyoni, pamene mwini wake analibe foni yamakono yoti aonerepo.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Pa TikTok, mawu a kanema amatha kuchotsedwa pa chithunzi chake. Munthu akaimva nyimbo n'kuikonda, amangodina, n'kujambula kanema wake pamwamba pa mawu omwewo. Wina amavina, wina amasesa pabwalo, wina amanyamula khanda, wina amangoseka ndi agogo ake. Makina a kampaniyo akaona kuti anthu akuonera mpaka kumapeto ndi kubwereza, amaitumiza kwa anthu enanso, ndipo enawo amapalako. Ndi mmene nyimbo ya Chichewa inafikira ku South Africa ndi ku Philippines, kwa anthu osamva ngakhale liwu limodzi. Ine sindivomereza zoti wojambula kanema wotere ndi wongokopera. Mtsikana amene wapeka magwedezedwe ake a mapewa, wasankha chitenje chovala, wabwereza kujambula mpaka phazi ligwe pamene ng'oma yagwera, wagwira ntchito ya luso. Makala ndi a Agide, koma phala ndi lake.

Kumpira moto umakula kwambiri, chifukwa nkhuni zake ndi zakalekale. Mighty Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 pamene osewera ena anachoka ku Wanderers komweko. Kuyambira pamenepo Maule (ofiira a Bullets) ndi Manoma (abuluu a Wanderers) sanagonepo tulo timodzi. Kale mkanganowu unkathera pa Kamuzu Stadium, m'minibasi ndi pa wailesi. Lero woimba mluzu akangothetsa masewero, mpira wina umayamba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wina walemba uthenga wa maliro wa timu yogonja, ndi pulogalamu yake yomwe, wolalikira ndi onyamula bokosi. Wina wadula chithunzi cha goloboyi akugwa n'kuchimata pa mphasa. Wina wangolemba kuti "Neba, wadzuka bwanji?" ndipo anthu mazanamazana akumuyankha. Mu 2023, Bullets itatenga zikho zinayi ndi mphunzitsi Kalisto Pasuwa, ofiira anavuta chaka chathunthu. Mu 2024 Silver Strikers itatenga ligi, ofiira ndi abuluu omwe anasowa potulukira, Mabanka a Silver akuwalankhula.

Ndimazikonda zimenezi, ndipo sindichita nazo manyazi. Mnyamata amene kusukulu ankalephera kudzaza tsamba limodzi la chimangirizo amalemba ndime zisanu zofotokoza chifukwa chake mphunzitsi analakwitsa kutulutsa wosewera wapakati, ndipo amalemba m'Chichewa chamoyo, chokhala ndi miyambi ndi mawu a mumsewu. Palibe anamutuma, palibe adzamuchonga. Akulemba chifukwa zikumupweteka. Munthu amene sakonda chinthu sakhala nacho maganizo amphamvu. Amene amati timu yasewera zachabechabe ndi yemweyo amene mawa adzakwera minibasi pa Namadzi ndi ndalama yake yomaliza kupita kukaionera ku Blantyre. Ndipo tinaonanso pa 25 Januwale 2022, Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija ndi Morocco ku Cameroon, kuti anthu omwewa amatha kuiwala mitundu ya malaya. Timu ya dziko lino ya Flames inagonja 2-1, koma kanema wa chigolicho anayenda foni ndi foni, aliyense akumuikira mawu ake.

Mwana wopala moto ankauzidwa chinthu chimodzi asananyamuke: usadutse pafupi ndi nkhokwe, usathamange pansi pa denga la udzu. Moto wa pa foni nawo umawotcha: kuseka timu ndi kwina, kutukwana mayi wa wosewera ndi kwina. Woimba wamkazi akatulutsa nyimbo, ena amasiya nyimboyo n'kuyamba kukamba za thupi lake ndi banja lake. Wosewera wa zaka 19 akaphonya penate, amadzuka m'mawa n'kupeza anthu osamudziwa akumunena kuti wadya ndalama. Pabwalo la mpira mawu oipa ankapita ndi mphepo, koma pa foni amakhala, amajambulidwa, amafika kwa mwini wake ndi kwa abale ake kumudzi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, limene limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa makinawa, ndipo ena amangidwapo nalo. Komabe apolisi sangalowe m'gulu lililonse la WhatsApp. Amene angathe ndi mnzake wa wotukwanayo, wa timu yomweyo, kumuuza kuti achimwene, apa mwapitirira.

Pali pamene fanizo langa limatsimphina, ndipo ndi pamene pamandiwawa. Kumudzi moto unkabwezedwa. Lero wapala kwanga, mawa wanga ukazima ndidzabwera kwako, ndipo ukaphika zabwino mwana wanga adzalawako. Pa intaneti njira yobwerera ndi yopapatiza. Wopala amalipira bandulo ku Airtel kapena ku TNM, kampani ya kunja imagulitsa malo otsatsira malonda pakati pa makanemawo, ndipo amene anatola nkhuni nthawi zambiri satchulidwa n'komwe. Ambiri mwa ovina "Linny Hoo" sankadziwa kuti kuli boma lotchedwa Chiradzulu.

Si kuti okonda nyimbo sabweza. Agide anaimba kwa zaka zambiri za khumbo lawo lokaona America, ndipo mu 2016, ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino, anapitadi n'kukaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Lamulo nalo likuyesera. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, limagawa ndalama zochokera ku msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno, msonkho umene unabwera ndi lamulo la zokopera la 2016. Motero memore khadi imene mnyamata wa pa Namadzi wapita nayo kwa obena nyimbo yasiyako kenakake kwa oimba. Koma msonkhowu umagwira katundu wodutsa pa malire athu okha. Kanema wojambulidwa ku Manila sadutsa pa Mwanza, ndipo kuti ndalama yake ifike ku Chiradzulu pamafunika kuti nyimboyo ikhale italembetsedwa m'dzina la mwini wake kwa makampani ogawa nyimbo pa intaneti, ntchito imene oimba ambiri achikulire alibe wowachitira.