Galasi la helemeti likakalika, wakabaza amayenda mongoganizira

Pa siteji iliyonse ya kabaza, kaya ndi ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande mu Blantyre kapena pafupi ndi depoti ya mabasi ku Mzuzu, pali kachizolowezi kamene kamachitika kambirimbiri dzuwa lisanalowe, ndipo palibe amene amakaona ngati vuto. Wanjinga akatsitsa kasitomala amavula helemeti, n'kugwira m'munsi mwa malaya ake kapena gulovu, n'kupukuta galasi lakutsogolo kuti achotse fumbi. Amatero pofuna kuona bwino, ndipo pa nthawi imeneyo amaonadi bwino. Koma kupukuta kopanda ngakhale dontho la madzi kumeneku ndi kumene kumawononga galasi mofulumira. Pakatha miyezi yochepa galasi lija limachita mbuu, timizere tili ponseponse, mwini wake n'kuyamba kuyenda atalikankhira m'mwamba, mapeto ake n'kulizula n'kulitaya. Tikamakamba za ngozi za njinga zamoto timatchula ziphaso, mowa, liwiro ndi kunyamula anthu atatu panjinga imodzi, ndipo n'zoona kuti zonsezi zikutha anthu. Galasi la helemeti silitchulidwa n'komwe, chonsecho msewu wonse wanjinga amauonera m'menemo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndipo limanenanso kuti helemeti yovalidwa moyenera imachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. N'chifukwa chake malamulo a pamsewu m'dziko muno amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera yemwe avale helemeti. Komabe chigoba cha helemeti ndi zofewa za mkati mwake zimayamba ntchito ngozi itachitika kale, mutu ukumenyetseka pa phula. Galasi ntchito yake ndi ya ngozi isanachitike. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha. Ngati wanjinga wachedwa ndi masekondi awiri kuzindikira kuti chimene chikuoneka bii kutsogoloko ndi mbuzi, dzenje, mwana wa sukulu kapena njinga yakapalasa yosenza matumba a makala, ndiye kuti wayenda mamita opitirira 30 asanagwire buleki. Pa mtunda umenewo ndi pamene pamasiyana munthu wongodzidzimuka n'kupitiriza ulendo ndi munthu amene akanyamulidwe ndi ambulansi.

Kuti timvetse chifukwa chake malaya amawononga galasi, tidziwe kaye chimene linapangidwa nacho. Magalasi a mahelemeti abwino ndi apulasitiki wa mtundu wa polycarbonate, amene anasankhidwa chifukwa saphwanyika wamba. Muyezo wa ECE 22.06, umene mayiko a ku Ulaya amatsata, umafuna kuti galasi lipirire kampira kachitsulo kowomberedwa pa liwiro la mamita 60 pa sekondi osabooka. Vuto la pulasitiki ameneyu n'lakuti pamwamba pake n'pofewa. Opanga amapakapo kachikuto kolimba kopyapyala kwambiri, ndipo kachikuto kameneka kakatha, galasi limakalika ndi chilichonse. Tsono fumbi la m'misewu yathu, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mvula isanagwe, lili ndi timchenga ta mwala wa quartz, umene pa muyezo wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala uli pa 7 mwa 10, kutanthauza kuti umatha kukala ngakhale galasi la pawindo ndi chitsulo cha mpeni. Ndi mchenga womwewu umene amayi amakwechera mapoto mpaka kuwala, ndipo wanjinga akapanikiza fumbi ndi malaya n'kumapukuta uku ndi uku, akukwecha galasi lake chimodzimodzi. Akatswiri oyesa mahelemeti nawonso akafuna kudziwa kuti galasi lingapirire motani amalithira mchenga wa quartz kuchokera m'mwamba, kenako n'kuyeza kuchuluka kwa kuwala kumene layamba kumwaza.

Kumwaza kuwalaku ndiye mtima wa nkhani yonse. Masana dzuwa lili pamutu, galasi lokalika limaoneka ngati lilibe vuto, ndipo n'chifukwa chake mwini wake amati likadali bwino. Usiku zimasintha. Kamzere kalikonse kamagwira kuwala kwa nyale za galimoto yobwera kutsogolo n'kukubalalitsa, moti m'malo moona nyale ziwiri, wanjinga amaona chiphaliwali chodzaza galasi lonse. Maso akathobwa chonchi, chimene chimasowa ndi chinthu chakuda chimene chili m'mbali mwa msewu: woyenda pansi wovala zakuda, ngolo yopanda chowala kumbuyo, lole yofera pamsewu imene angoiikira nthambi za mitengo. Mbali yaikulu ya msewu wa M1 ilibe magetsi, oyendetsa malole ena satsitsa nyale zawo akakumana ndi njinga, ndipo nthawi imene akabaza amapeza makasitomala ambiri ndi m'mamawa ndi chakumadzulo, pamene dzuwa lili m'munsi n'kumalasa m'maso mwenimweni. Mvula ikagwa madzi amakanirira m'timizere tija m'malo motsetsereka. Choncho galasi lokalika limakhumudwitsa mwini wake pa nthawi yeniyeni imene akulifunitsitsa.

Katsukidwe koyenera n'kosavuta, ndipo lamulo lake lalikulu n'loti madzi ayambe, nsalu ibwere pambuyo. Thirani madzi oyera pagalasi kuti fumbi likokoloke lokha musanalikhudze. Ngati pamamatira tizilombo touma, monga zimakhalira mvula yoyamba ikatulutsa ngumbi kapena m'mbali mwa nyanja cha ku Nkhata Bay nkhungu zikabuka, musazikande ndi chikhadabo. Yalani kansalu konyowa pagalasipo kwa mphindi zisanu kapena khumi, ndipo tizilomboto tifewa n'kuchoka tokha. Mukatero, sungunulani dontho la sopo wamadzi wosaluma m'madzi ofunda pang'ono, pakani ndi zala zoyera mosapanikiza, tsukuluzani, kenako umitsani ndi kansalu ka microfibre mochita kugunditsa kapena lisiyeni liume lokha pamthunzi. Nyuzipepala ndi tishu ayi, chifukwa mapepala amapangidwa ndi ulusi wa mitengo umene umasiya timizere. Sopo waufa wochapira zovala nayenso ayi, popeza timibulu take tosasungunuka timakala. Kansalu kopukutirako kazisungidwa pakokha m'kajumbo koyera, ndipo kakagwera pansi kachapidwe kasanagwirenso ntchito, chifukwa kansalu kamene katola mchenga n'koipa kuposa malaya. Kamodzi pa sabata ndi bwino kuchotsa galasi lonse pahelemeti n'kutsuka m'mbali mwake ndi pa mphira imene limatsamira likatsekedwa, pakuti m'menemo ndi mmene fumbi limabisala.

Pali zinthu zina zimene zimawononga galasi mobisa, ndipo zimapezeka pafupi ndi njinga iliyonse. Petulo, palafini, thina, sipiliti, mafuta a mabuleki ndi mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia, zambiri mwa izi zimachotsa girizi ndi phula msanga, n'chifukwa chake amakaniko ndi anyamata otsuka magalimoto amathamangira zimenezi. Koma mankhwala amenewa amadya kachikuto kaja n'kulowerera mu polycarbonate, kumene amayambitsa timing'alu tating'onoting'ono tovuta kuona ndi maso. Galasi lotere likhoza kuoneka lowala bwino, koma mphamvu zake zachepa, ndipo tsiku limene kamwala kotayidwa ndi tayala la lole kadzaligunde likhoza kusweka pafupi ndi diso. Nsanza imene munthu wapukutira injini kapena thanki isayandikire helemeti. Mkati mwa galasi ndiye mofunika dzanja lofewa koposa, chifukwa magalasi ena amapakidwa mankhwala oletsa nthunzi, ndipo ena amakhala ndi kagalasi kachiwiri ka Pinlock kamene kamayamwa chinyezi cha mpweya wa munthu. Kagalasi kameneka n'kofewa kwambiri, kamangofuna madzi oyera ndi kuuma kokha. Amene amayenda m'chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje m'mwezi wa Juni ndi Julayi amadziwa mmene nthunzi imatsekera galasi mkati. Njira yake ndi kutsegula timabowo tolowetsa mpweya kapena kukweza galasi pang'ono chabe, osati kulowetsa gulovu n'kumapukuta uli pa liwiro.

Timizere tina timabwera helemeti ili chikhalire. Imakolekedwa pa handulo n'kumagundana ndi galasi loonera kumbuyo, imaikidwa pansi chafufumimba pa miyala, kapena amaponyamo makiyi ndi sipanala. Yomvetsa chisoni kwambiri ndi helemeti ya kasitomala, imene imamangidwa pa kaliyala ndi malegeni n'kumakhulana ndi chitsulo tsiku lonse. Kathumba kosokedwa ndi chitenje chakale n'kokwanira kuthetsa zambiri mwa izi.

Wina anganene kuti malangizo onsewa ndi a anthu amene amakwera njinga pongosangalala, pamene wakabaza ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana mwini njinga madzulo, petulo wakwera mtengo, ndipo mphindi iliyonse imene akutsuka galasi mnzake akumulanda kasitomala. Dandaulo limeneli ndi lomveka ndipo siliyenera kupeputsidwa. Koma tiwerengere bwino. Zimene zikufunika ndi botolo la madzi, kansalu kamodzi ndi mphindi zochepa pa nthawi imene munthu akudikira kale pa siteji. Kumbali inayi, mahelemeti ambiri otsika mtengo a m'misika alibe dzina lodziwika la kampani, ndipo galasi lake likawonongeka n'kovuta kupeza lina lokwana pa timabowo take. Munthu amakakamizika kugula helemeti yonse kapena kuyenda wopanda galasi. Wolemera akhoza kusintha galasi chaka chilichonse osamva kuwawa, koma wosauka ndi amene akufunika kulisamala kuti likhalitse. Ndiponso pogula helemeti ndi nzeru kufunsa wogulitsa ngati ali ndi magalasi ake apadera, ndi kusankha yokhala ndi chizindikiro cha muyezo wovomerezeka.

Enanso amati galasi lokalika limakonzeka, ungolipaka mankhwala otsukira mano kapena polishi wa galimoto n'kulikhula. Zimene zimachitika n'zakuti kukhulako kumaperesa kachikuto kolimba kozungulira mzere uja kufikira mzerewo usaonekenso bwino. Malo amenewo amatsala opanda chitetezo, amakalika msanga kuposa kale, ndipo popeza aperewera makulidwe amapotoza zimene munthu akuona. Ena amathawira ku galasi lakuda kapena lonyezimira ngati kalilole, poti limabisa timizere ndipo limaoneka lokongola. Masana limathandizadi pa dzuwa, koma miyezo ya ECE imafuna kuti galasi loyendera usiku lizilowetsa kuwala kosachepera 80 peresenti, ndipo lakuda kuposa pamenepa limalembedwa kuti n'lamasana okha. Wakabaza amene amagwira ntchito mpaka usiku ndi galasi lakuda wadzichotsera yekha gawo la maso ake. Palinso amene amati kuyenda galasi lili m'mwamba n'kwabwino chifukwa kunja kukutentha ndipo umaona msewu mwachindunji. Koma mphepo imatulutsa misozi, fumbi la galimoto yakutsogolo limalowa m'maso, ndipo kachilombo kapena kamwala kakagunda diso pa liwiro la makilomita 60, munthu amatsinzina ndi kuchotsa dzanja pa handulo asanaganize n'komwe, kumbuyo ali ndi mayi wobereka mwana.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti nkhani ya galasi ndi yaing'ono poyerekeza ndi anyamata oyendetsa opanda maphunziro, njinga zosalembetsedwa ndi okwera osavala helemeti n'komwe. N'zoona kuti galasi loyera silingapulumutse munthu woledzera. Koma mavuto aakuluwo akufuna malamulo, ndalama ndi zaka, pamene ili likhoza kutha lero ndi manja a wanjinga mwini. Komanso nkhani ziwirizi n'zolumikizana kuposa mmene zimaonekera: helemeti imene munthu sakuona bwino akaivala ndi imene imayamba kukhala pachipumi, kenako pa handulo, ndipo kasitomala amene wapatsidwa helemeti yagalasi lambuu ndi lothimbirira amaikana kapena kungoigwira m'manja. Madokotala a mafupa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Kamuzu Central Hospital ndi ku chipatala cha LION mu Lilongwe amalandira ovulala pa njinga zamoto ochuluka, ndipo mawu akuti "sindinamuone" ndi odziwika kwa aliyense amene anafikapo pamalo a ngozi. Nthawi zina kusaonako kumayambira pa kapulasitiki kamene kali masentimita ochepa kuchokera pa diso.

Kuyesa galasi sikufuna katswiri. Usiku, valani helemeti, tsekani galasi n'kuyang'ana babu kapena nyale ya galimoto ili patali. Ngati kuwala kukutambasuka ngati nyenyezi kapena kukuchita chifunga pamalo amene maso amayang'anira, galasilo latha ntchito ngakhale masana likuoneka labwino, ndipo lokhala ndi mng'alu ndiye losafunsa. Inu eni njinga amene mumalandira ndalama madzulo aliwonse, galasi latsopano muziliwerengera pamodzi ndi matayala ndi mabuleki, musamusiyire mnyamata wanu kuti aone yekha chochita. Atsogoleri a masiteji amene mumalembetsa mamembala ndi kutolera zopereka, ikani chigubu cha madzi oyera pa siteji ndipo muziyang'ana magalasi a anyamata anu asanayambe ntchito yausiku. A Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi apolisi apamsewu, pophunzitsa akabaza nkhaniyi izitchulidwa. Nanunso okwera, dzuwa likalowa yang'anani galasi la amene akufuna kukunyamulani, ndipo ngati lili mbuu kapena lakuda, kwerani ina.