Kodi mumadziwa kuti njere za dahlia zimabala duwa losiyana ndi kholo lake?

Mukafesa njere zochokera ku dahlia wofiira, mutha kupeza maluwa achikasu, oyera kapena amawangamawanga. Njere iliyonse imatulutsa duwa lakelake.

Chifukwa chake n'chakuti dahlia wa m'minda ali ndi magulu 8 a makromozomu, pamene munthu ali ndi magulu 2 okha. Njuchi nazo zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake, choncho mitundu imasakanikirana. Wofuna duwa lofanana ndendende ndi loyamba abzale mizu yake yonenepa ngati mbatata, poonetsetsa kuti uliwonse uli ndi diso lophukira.

Duwali kwawo ndi ku Mexico, komwe linasankhidwa kukhala duwa la dzikolo mu 1963. Dzina lake likuchokera kwa Anders Dahl, katswiri wa zomera wa ku Sweden.

Pofuna kusunga njere, siyani duwa lifote lili pamtengo mpaka mutu wake uume gwa. Ufikiseni m'manja, mupete mankhusu, ndipo mudzapeza njere zakuda zopyapyala.

Ku Chinakanaka ndi madera ena a Mulanje, mvula ndi chiperoni zimabweretsa chinyezi chambiri. Yanikani njerezo m'lichero pamthunzi, kenako muzisunge mu envelopu ya pepala, osati mu jumbo, kuti zisachite nkhungu.

Mukazifesa mvula itayamba, zimachita maluwa nyengo yomweyo.