Kaseti ya Mario siikulemeretsani, koma musaitaye

Chimvekereni kuti kaseti imodzi ya gemu ya Super Mario Bros. inagulidwa pa madola 2 miliyoni ku America mu Ogasiti 2021, pali bodza lomwe lakana kufa, loti aliyense amene anasunga kaseti yachikasu ija ya gemu ya pa TV akugonera chuma. Ine monga wokonza zipangizo zamagetsi bodzali limandiwawa, chifukwa kuno kuchigwa, kuyambira ku Nchalo mpaka ku Bangula, ndalama imabwera ndi thukuta, ndipo akamberembere amadyera pa chiyembekezo chotere.

Kampani ya ku Japan ya Nintendo inatulutsa gemuyi mu 1985 pa makina otchedwa Famicom, omwe ku America ankatchedwa NES. Anaikonza ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Koji Kondo. Ili m'gulu la ma platform game, kutanthauza magemu omwe kamunthu kamathamanga n'kumalumpha maenje ndi adani. Magawo ake onse 32 anakwana m'makilobayiti 40, malo ochepa kuposa omwe chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimadya. Makope oposa 40 miliyoni anagulitsidwa, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani: chinthu chochuluka chotere sichingakhale chosowa. Chomwe chinakweza mtengo wa kaseti ija n'chakuti inakhala m'bokosi lake losatsegulidwa kwa zaka zoposa 30, akatswiri n'kuiyeza ndi kuitsimikizira. Yeniyeni yomwe inaseweredwapo, yopanda bokosi, siipitirira madola makumi ochepa.

Wina anena kuti yake ndi yakalekale ndithu. Inde, koma ukale pawokha sugulitsa. Zambiri zomwe zinafika m'misika yathu ndi ma famiclone, makina otengera Famicom omwe ankapangidwa ku Taiwan ndi ku China popanda chilolezo cha Nintendo. Kaseti yolembedwa kuti muli magemu 9999 imakhala ndi magemu owerengeka omwe amangobwerezedwa. Mukaitsegula mupeza kadontho kakuda konga phula kataphimba chip, pomwe yeniyeni imakhala ndi dzina la Nintendo pa bolodi lake.

Ndiye tizitaye? Ayi, ndipo apa ndikusiyana ndi anzanga ena pantchitoyi. Makina enieni a Nintendo anali odula komanso osowa kuno, choncho ana athu ambiri anamudziwa Mario kudzera m'makina otengerawa. Imeneyo ndi mbiri yathu, ndipo ikutha msanga. Kutentha ndi fumbi zimawononga zipangizo, ndipo madzi osefukira a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anakokolola katundu wa m'nyumba zambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Ngati muli nayo, lekani kuuzira mpweya m'kaseti, chifukwa chinyezi cha m'kamwa chimadya timano take tachitsulo. Pukutani ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi sipiriti, ngakhale kuti sizichira zonse. Isungeni m'chigoba chotseka bwino, pamalo okwera. Wina akakuuzani kuti muyambe mwamupatsa ndalama kuti akupezereni wogula wakunja, ameneyo ndi wakuba, musamupatse ngakhale tambala.