Tchuthi cha Chisanu ku Komboni ndi ku Maiko Akutali

Pamene mwezi wa Julayi wapita ndi chisanu chake choumitsa zala, ndipo Ogasiti walowa ndi mphepo yake youlutsa fumbi m'tinjira ta ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama mu Lusaka, sukulu za m'Zambia zimatseka zitseko kwa milungu ngati inayi, ndipo ana amene kwa miyezi itatu anali m'manja mwa aphunzitsi amabwerera kwa owabala. Kholo lililonse loganiza bwino liyenera kudzifunsa kuti mwana ameneyu, amene wadzuka mamawa wopanda belu lomuitana, adyetsa chiyani maso ake ndi mtima wake kufikira dzuwa litalowa.

Anthu a kumaiko ozizira adaliyankha funsoli ndi njerwa ndi ndalama za msonkho, pakuti chisanu chawo sichilola mwana kukhala pabwalo. Ku Mangalande, kumene tchuthi chotere chimagwa mu Disembala, dzuwa likulowa nthawi ya 4 koloko isanakwane, banja lonse, agogo ndi adzukulu omwe, limapita kukaonera masewero a nthano zakale, m'mene oonerera amaloledwa kufuula ndi kuchenjeza wosewera kuti mdani ali kumbuyo kwake. Ndipo kuyambira chaka cha 2001 nyumba zazikulu za boma zosungiramo zinthu zakale za ku London zimalowedwa kwaulere. Ku Helsinki, m'dziko la Finland, adatsegula mu 2018 nyumba ya mabuku yotchedwa Oodi, yoyang'anizana ndi nyumba ya malamulo, momwe muli ngakhale makina osokera ndi zipinda zoimbiramo. Anansi athu a ku South Africa, amene chisanu chawo chimadza pamodzi ndi chathu, amasonkhana ku Makhanda, kumene chiyambire 1974 kumachitika chikondwerero cha zisudzo, nyimbo ndi magule pakati pa chaka.

Munthu akamva zimenezi angafulumire kunena kuti ife a ku komboni ndife amphawi pa zaluso, koma wotero sanayendemo m'Mtendere masana a Ogasiti. Aime pambali pa kantemba aone mnyamata wa zaka khumi atakhala pansi, waya ali pakati pa zala za kumapazi, akumupinda ndi mwala mpaka atuluke galimoto ya mawilo okhota, yomangidwa ndi malegeni, ya chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Ndipo pafupi naye mlongo wake akuponya kamwala m'mwamba, dzanja lomwelo likutulutsa timiyala m'kadzenje ka chiyato, nkuwakhanso kamwalako kasanagwe pansi. Pamwamba pa madenga a malata pali makaiti a mapepala a pulasitiki ndi timitengo ta tsache, pakuti mphepo imene akulu aidandaula ana adapangana nayo ubwenzi. Mwana wa ku London amapita kukaona zimene amisiri adapanga. Wathuyu ndiye mmisiri mwini, ndipo palibe amene adamulipirira sukulu ya zimenezi. Pamenepa ine sindivomera kuti tapambanidwa.

Chimene tapambanidwa nacho nchina, ndipo chimawawa kuchinena. Kumaiko kuja kholo limagwira mwana padzanja nkupita naye. Kuno mwana amasewera yekha, ndipo luso lake palibe wamkulu woliona kapena kuliyamikira. Sindikuwaweruza makolo, popeza mayi amene walawira mbandakucha kukapikula ndiwo ku msika wa Soweto, ndi bambo amene wayenda pansi kupita ku maganyu kuti asunge ya minibasi, amabwera madzulo thupi lili lefu. Komabe makolo athu a ku Katete ndi ku Chadiza nawonso ankatopa, koma nyengo ya chisanu, zokolola zili m'nkhokwe, inali nyengo ya nthano ndi zirapi, pamene agogo ankati "Padangokhala," ana nkuvomera kuti "Tili tonse," mbatata ikupsa m'phulusa. Ngakhale anthu atasamukira m'tauni mwambowo sudafe msanga: m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Julius Chongo ankasimba nthano za Chinyanja pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, iye yekha akusintha mawu kukhala mfumu, nkhalamba kapena kalulu, ndipo mabanja ankazinga wailesi imodzi. Lero mbaula ilipo, malasha alipo, kandolo akuotchedwa monga kale, koma yense maso ali pa foni yake. Mabwalo nawo, amene ana ankavinirapo ndi kumenyerapo chimpombwa, ambiri adadulidwa mapoloti, pena padamera nyumba za lendi, pena malo omwera mowa.

Sikuti mzinda wa Lusaka ulibe nyumba za luso. Pa msewu wa Independence pali nyumba yosungiramo zinthu zakale imene idatsegulidwa mu 1996; ku Kabwata kuli mudzi wa amisiri osema ndi oluka, m'nyumba zozungulira zija zotsala za nthawi ya atsamunda; ku Showgrounds kuli nyumba ya zojambula yotchedwa dzina la Henry Tayali. Koma mayi wa ana anayi wa ku George akawerenga ya basi kupita ndi kubwera, ya pakhomo, ndi ya vitumbuwa vya panjira, amapeza kuti yakwana thumba laling'ono la ufa, ndipo ulendo umathera pomwepo. Chifukwa chake ndimalemekeza koposa iwo amene adazindikira kuti luso liyenera kutsata anthu kumene ali. Aphunzitsi ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia adayamba nzeru imeneyi ndi gulu la Chikwakwa, limene linkanyamula zisudzo kupita nazo kumidzi m'zilankhulo za eni ake. M'masiku athu ano gulu la Barefeet, loyambika mu 2006, limaphunzitsa zisudzo ndi magule ana amene ankagona m'misewu. Achinyamata a ku Chibolya, komboni imene ambiri amaitchula ndi mantha, adakhazikitsa Circus Zambia, ndipo ana awo amagudubuka m'malere mpaka oonerera kugwira pakamwa. Nazo nyumba za mabuku za Lubuto, ku Kamwala ndi ku Garden, zidatsegulidwa kuti mwana aliyense awerenge, ajambule ndi kumva nthano. Awa adamvetsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tilinso ndi chuma chimene a ku Helsinki sangachigule. Loweruka lotsiriza la Ogasiti, tchuthi chisanathe, Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalambira Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko kumatuluka Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ulendowo ngwa makilomita pafupifupi 500, ndipo si banja lililonse lingaukwanitse chaka ndi chaka. Koma mwana wobadwira ku Kalingalinga, amene amatchula mfunda wake osadziwa kumene udachokera, ayenera kupondako ngakhale kamodzi asanakule, aone ndi maso ake mafumu akupereka ulemu ndi anamwali akutuluka.

Tsono kwa anzathu akutali tisatengeko masewero awo, pakuti athu tili nawo. Titengeko mwambo wopatula malo ndi nthawi chifukwa cha ana. Inu abusa ndi ansembe, maholo a matchalitchi anu amakhala otseka pakati pa sabata: atsegulireni ana, ndipo amayi a Chigwirizano ndi akulu a mpingo azisinthana kukasimba nthano ndi kuphunzitsa chimtali ndi ng'oma. Inu makhansala, bwalo limene latsala ku Matero kapena ku Chawama musalole kuti lidulidwe. Ndipo inu bambo, mukabwera madzulo ano, itanani mwana wanu abweretse galimoto yake ya waya, mumufunse m'mene adapangira mawilo kuti azikhota.