Luso ndi Nkhanza pa Nyumba Zomangidwa mu Ulamuliro wa Kamuzu

Mlimi wa ku Nsaru, Kabudula kapena Namitete akafika mumzinda wa Lilongwe amaona nyumba zambiri zomwe zidamangidwa mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adasandutsa Malawi dziko la chipani chimodzi mu 1966 ndipo adakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971. Boma lopondereza, lomwe limalowerera pa chilichonse cha moyo wa munthu kuyambira pa zoyankhula mpaka pa zovala, limakonda kumanga, chifukwa nyumba yaikulu imalengeza mphamvu za wolamulira ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Funso lovuta ndi lakuti kodi n'kotheka kuyamikira kamangidwe ka nyumbazi popanda kupeputsa masautso a anthu omwe adatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzaleka.

Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma wakale, adapereka miyezo itatu yoyesera nyumba: kulimba, kuthandiza anthu, ndi kukongola. Pa kulimba ndi kukongola, nyumba zina za nthawiyo zimapambana mosakayikitsa. Sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe idatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ili ndi makonde a njerwa okhala ndi makomo opindika ngati uta, ndipo mmisiri aliyense wodziwa kuyala njerwa amavomereza kuti ntchitoyo idagwiridwa mwaluso. Kukana luso limeneli chifukwa cha ndale n'kulakwira amisiri omwe adakhetsa thukuta pamenepo, amene sadalamule kuti munthu aliyense amangidwe. Ku Italy nakonso ophunzira zomangamanga amapitabe kukaona nyumba ya Casa del Fascio ku Como, yomwe Giuseppe Terragni adaikonzera chipani cha Mussolini, ngakhale chipanicho amadana nacho.

Pa muyezo wa kuthandiza anthu m'pamene ndale sizingalekanitsidwe ndi luso, popeza wofufuza ayenera kufunsa kuti nyumbayo imathandiza yani. Mapulani a likulu latsopano adajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo boma la tsankho la dzikolo lidapereka ngongole ya R8 miliyoni yoyambira ntchitoyo, likulu lisadasamuke kuchoka ku Zomba mu 1975. Midzi idasamutsidwa kuti malo apezeke. Maofesi a boma adaikidwa pa Capital Hill, kutali ndi msika wa ku Old Town, ndipo madera a mzindawo adamwazikana pakati pa nkhalango ndi misewu italiitali, kamangidwe kokomera mwini galimoto koma kozunza munthu wa ku Mpingu amene watsika minibasi kudepoti n'cholinga chokaonana ndi mkulu wa kuunduna. Mtunda umenewo ndi mbali ya kamangidwe, ndipo uyenera kuwerengedwa ngati cholakwika cha mapulaniwo, chifukwa mzinda womwe umaika olamulira patali ndi olamulidwa walephera imodzi mwa ntchito zake. Nyumba yachifumu ya zipinda pafupifupi 300 yomwe lero imatchedwa Kamuzu Palace idalephera kwambiri pa muyezo womwewu, poti mwini wake adakhalamo nthawi yochepa chabe, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo adaigwiritsa ntchito kwa zaka zingapo kufikira pamene Bingu wa Mutharika adaitenganso mu 2004.

Kumidzi nkhaniyi ili ndi maonekedwe ena. Chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chomwe chidayamba mu 1968 ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, chidabweretsa misewu, mijigo ndi misika m'madera ozungulira Lilongwe, ndipo mashedi a ADMARC, ngakhale alibe chokongoletsa chilichonse, adakwaniritsa ntchito yosunga chimanga ndi mtedza kuposa momwe nyumba yachifumu idakwaniritsira yake. Komabe mlimi ankagulitsa mbewu zake kumeneko pa mtengo wotsika woikidwa ndi boma, phindu n'kumapita ku minda ikuluikulu ya fodya, ndipo pakhomo la msika anyamata a Youth League ankabweza aliyense wopanda khadi la chipani. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, ankakana kugula khadilo, motero misika yomangidwa bwinoyo inali yotsekeka kwa iwo.