Kuwerenga ndi Kuloza: Mmene Lamya Imamvera Manambala

Manachesi akapsa ku Mwanza, m'mbali mwa msewu wa M6 wolowera ku malire a Zobue mumaikidwa milu m'mizere. Wogula wina amati, "Mayi, ndiwerengereni asanu ndi atatu," mayiwo n'kumaponya m'jumbo limodzilimodzi. Wina, basi ikufuna kunyamuka, amangoloza pazenera: "Mzere wachiwiri, mulu wapakati!" Lamya nayo inayamba ndi kuwerenga, kenako inaphunzira kuloza.

Lamya zakale zinali ndi kagudumu ka mabowo khumi. Munthu ankalowetsa chala, n'kukazungulitsa, n'kukasiya. Pobwerera, kagudumuko kankadula ndi kulumikiza magetsi a m'waya, pafupifupi kakhumi pa sekondi imodzi. Nambala 3 inkadula katatu, 8 kasanu ndi katatu, ndipo m'maiko ambiri 0 inkadula kakhumi. Ku eksichenji, malo olumikizira mawaya a lamya, chitsulo chinkasuntha sitepe imodzi pa kudula kulikonse mpaka kukafika pa waya wa amene akuimbiridwa. Makina otere anatulukira ndi Almon Strowger wa ku Kansas City, yemwe ntchito yake inali yokonza maliro, ndipo boma la America linawavomereza kuti ndi ake mu 1891. Njirayi inali yodalirika koma yochedwa, makamaka nambala ikachuluka ma 9 ndi ma 0.

Mu 1963, kampani ya Bell inabweretsa mabatani ku Pennsylvania. Mabataniwo anayalidwa m'mizere inayi yopingasa ndi itatu yotsika, mzere uliwonse ndi liwu lakelake. Yopingasa ili ndi mawu otsika: 697, 770, 852 ndi 941 Hz, kutanthauza kunjenjemera kochuluka choncho pa sekondi. Yotsika ili ndi mawu okwera: 1209, 1336 ndi 1477 Hz. Mukadina 5, mawu a 770 ndi 1336 amalira pamodzi, ndipo makina amadziwa pomwepo kuti mwaloza mzere wachiwiri, pakati. Akatswiri anasankha mawu awiri osagwirizana mwadala, kuti kulankhula kapena kuimba kwa munthu kusapusitse makina.

Phindu lalikulu silinali liwiro lokha. Kudula magetsi kunkathera pa eksichenji yapafupi, pomwe mawu amayenda njira imene liwu la munthu limadutsa, mpaka kutsidya kwa malire. Mafoni a m'manja a TNM ndi Airtel amatumiza nambala yoimbiridwa m'njira ya kompyuta, koma dalaivala wa thiraki amene akudikira mapepala pa Mwanza akaimbira ofesi ku Johannesburg, makina n'kumuuza kuti adine 1, batanilo limakafika kumeneko ngati mawu awiri omwe aja. Njira ya 1963 ikugwirabe ntchito chifukwa anaimanga pa chinthu chimene lamya iliyonse imatha kunyamula, chomwe ndi liwu.